Bambo Anakwera ndi Giya Wani

Adokotala amene anawachita Bambo opaleshoni ya mtima sanafune n'komwe kumva za ulendo wathu wa kuphiri. Nditawachonderera, anandipatsa lamulo limodzi. Kumwamba kumapiri mpweya umachepa, ndiye Bambo akayamba kubanika ali chikhalire, kapena mutu ukamawapweteka osaleka, ndiwatsitse tsiku lomwelo. Ndinavomera. Makiyi a galimoto anali ndi ine, ndipo kwathu aliyense amadziwa kuti ine ndikati ayi, ndiye kuti nkhani yatha.

Bambo anayendetsa malole zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankadutsa m'munsi mwa phirili akumva kuti pamwamba pali nyanja, koma lole ya katundu wa eni sipatuka kukaona madzi. Atangopuma pantchito, matenda nawo ndi awa. Tsopano ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuizungulira nyanjayo ndi miyendo yawo.

Tinafika masana, anthu atatu: Bambo, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono amene timangomuti Kochi poti amaphunzitsa ana mpira. Malo ogonawo anali nyumba yamatabwa, mabulangete onunkhira sopo, ketulo pakona, zenera loyang'ana kumadzi. Kochi anangoponya katundu n'kuvala kabudula.

"Tiyeni Bambo, lero lomwe. Makilomita asanu ndi limodzi basi. Ine amenewa ndimathamanga ndisanasukusule n'komwe."

"Pita mwana wanga," anatero Bambo. "Ine ndiyambe ndaziziritsa injini."

Masiku awiri oyambawo Bambo sanachite chilichonse chooneka. Ankakhala pakhonde, chipewa kumutu, botolo la madzi pamwendo. Kudya ankadya pang'onopang'ono koma kangapo. Mwini malowo atawabweretsera mowa wozizira, anakana, munthu woti moyo wake wonse sanakanepo chaulere! Kuyenda kwawo kunali kufika pamene amamangirira maboti n'kubwerera. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkawawerenga mpweya mobisa, ndipo tsiku lachiwiri ndinayamba kulongedza.

"Mukundibisira chinachake inu. Mawa tikutsika."

"Takhala pansi, mayi," anatero. "Lole yodzaza ikafika pachitunda, dalaivala wopusa amaponda mafuta. Injini imawira, iye n'kugona pamsewu sabata yonse. Ine zaka zonse zija sindinawiritsepo injini ngakhale kamodzi. Umathira madzi, umalowetsa giya wani, ndipo suchita manyazi anzako akamakupitirira. Ukufuna kuona yowira? Suzumira m'chipindamo."

M'chipindamo munali Kochi, thaulo lonyowa pachipumi, beseni pambali. Anathamangadi tsiku loyamba lija, n'kuwonjezera mabotolo awiri a mowa, basi mutu waukulu ndi kusanza. Mwini malowo anati amene amadzimva mphamvu ndiwo amayamba kugwa, Kochi angopuma ndi kumwa madzi, zikapitirira atsike. Fulumira anadya gaga. Ndinamumvera chisoni, koma pang'ono.

Tsiku lachitatu m'mawa Bambo anamanga nsapato. Tinanyamuka awiri, chikwama chili kumsana kwanga. Ankawerenga mapazi mazana awiri n'kuima, kumwa madzi pang'ono, kenaka kutchula mokweza mayina a zidzukulu zawo zonse zisanu. Akawamaliza osaduliza mpweya, tinkapitirira. Akaduliza, tinkadikira. Alendo ena ankatipitirira ndi ndodo zawo zonyezimira, Bambo n'kumawakwezera dzanja ngati ali pawindo la lole.

Ine kuyenda kotero kunandikwana. Ndinkathamangira kutsogolo kukaona ngati njira ili bwino, n'kubwerera, n'kuthamangiranso. Ndinkawakumbutsa za madzi mphindi iliyonse, langa botolo lili chitsekere. Pofika pachitunda chomaliza, denga la nyumba yathu likuoneka, miyendo inandikana. Mutu unkagunda, mpweya osakwana. Ndinakhala pamwala ndikunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

Bambo anandiyang'ana, osaseka. Anatsegula botolo langa n'kundipatsa, nadikira mpaka nditamwa theka.

"Bweretsa chikwamacho."

"Ayi Bambo, adokotala anati..."

"Anati ndikabanika. Wabanika ndani pano?"

Chaka chonse sitinawalolepo kunyamula ngakhale mpando. Ndinawayang'ana pachifuwa: ankapuma bwinobwino, milomo yosasintha mtundu. Ndinavula chikwamacho n'kuwapatsa.

Anachikoleka paphewa n'kutsogola, phazi ndi phazi, osafulumira. Ine pambuyo pawo, misozi ili mbwee, osati ya mutu uja ayi. Inali ya kunyada. Pachipata panaima mayi wina mlendo amene anatipitirira m'mawa, atatsamira ndodo zake ali wefuwefu. Anawayang'ana Bambo akudutsa, kenaka anandifunsa ngati mkuluyo ndi woperekeza alendo wa pamalopo.

"Ayi," ndinayankha mokweza kuti nawonso amve. "Amenewo ndi bambo anga."