Manja a Makaniko

Makaniko wina atagulitsa galaji yake kuti akaphunzire unamwino, anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wa imvi m'ndevu, ana ali kusekondale, kukayamba kunyamula mabeseni? Iye anali wosayankhulayankhula chibadwire, ndipo khalidwe lomweli linatsala pang'ono kumugwetsa.

Ophunzira anzake, ana oti akanatha kuwabereka, ankamutchula kuti Ankolo. Ntchito ankaigwira mwaukhondo ndiponso mosanyinyirika. Koma tsiku lina Asisita oyang'anira wodi, omwe ankayenera kuvomereza kuti wakhoza, anamuitanira pambali.

"Ankolo, wodwala si galimoto. Inu mukungofika, kumutembenuza, kumupukuta, osanena kanthu. Munthu amadzidzimuka. Mawa ndidzakuonaninso, ndipo mukapanda kusintha mubwereza chaka."

Mantha anamugwira, chifukwa galaji sagulitsa kawiri. Anafika kunyumba nkhope ili yakugwa, n'kumufotokozera mkazi wake, amene ankamusitira yunifolomu.

"Inu abambo, musandiseketse," anatero mkaziyo. "Zaka zonse zija ndikabwera ndi chakudya kugalaji, ndinkakupezani pansi pa galimoto mukuinyengerera kuti, 'Pirira mayi, ndangotsala pang'ono.' Ine simunandinyengererepo choncho, mpaka nsanje inkandigwira. Lero munthu wamoyo ndiye akumangeni pakamwa?"

M'mawa mwake Asisita anamutengera pabedi la pawindo. Panagona mdala wofa ziwalo mbali imodzi, wosatha kuyankhula, amene ankaumitsa thupi aliyense akamukhudza. Ankolo anakoka katani, n'kuika beseni pampando. Manja ankafuna kungoyamba ntchito monga anazolowera, koma anawagwira. Anawatikita kaye kuti afunde, kenako anawerama kuti mdalayo amuone nkhope.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndine uja wa dzulo. Ndikufuna ndikutembenuzeni kuti msana usachite zilonda." Mawu ankatuluka movutikira ngati bawuti ya dzimbiri. "Manja angawa ndi okhakhala, mundikhululukire. Anakulira m'zitsulo."

Mdala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako, ndi dzanja lake lomwe linali lamphamvu, anagwira chikhatho cha Ankolo n'kuchisisita ndi chala chachikulu. Atatero anatambasula chake kuti Ankolo achione. Chinali cholimba, chong'ambika, cha munthu amene wagwira ntchito yamanja moyo wake wonse. Ankolo anamva misozi ikubwera, ndipo sanachite nayo manyazi.

"Ndiye tikudziwana," anatero. "Tiyeni pang'onopang'ono. Pirirani, bambo, ndangotsala pang'ono."

Thupi la mdala linamasuka. Anatembenuka mosavuta, iye mwini akuthandiza ndi mwendo wamphamvuwo. Ankolo anamupukuta msana uku akumuuza chilichonse chimene akuchita, ndipo pakamwa pake sipanatsekekenso mpaka madzi atazizira.

Asisita sanayamikire, poti sichinali chizolowezi chawo. Anangotsegula katani kuti azipita, n'kucheuka.

"Mukamaliza apo, anesi, wapabedi linalo akukudikirani."