Pomwe Ankaima Bambo Ake

Fakitale yoluka nsalu itatsekedwa, munatsala nkhunda ndi akangaude basi, mpaka mkulu wina anaigula kuti azifululiramo mowa, anthu n'kumamwera pomwepo. Ntchito yokonza inagwera mmisiri wina amene malemu bambo ake anakalambira m'fakitale momwemo.

Pansi pake panali pa matabwa, ndipo pafupi ndi zenera lakumapeto panali timaenje tiwiri toyandikana. Anatikumba ndi mapazi a bambo akewo, poima pa makina kuyambira unyamata mpaka imvi. Amayi ake, amene maso anali atayamba kuwakana, anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Gumula zonse, mwanawe, koma paja ankaima bambo ako usakhudzepo. Ndidzabwera ndidzaimepo."

"Musadandaule, amayi."

Kulonjeza sikutulutsa thukuta. Matanki onyezimira atafika, mapaipi atakwera makoma, mwini malo anapunthwa pa kadzenje kamodzi, khofi n'kumutayikira pa shati.

"Ine wosamwa ndatsala pang'ono kugwa, nanga woledzera? Apa pasalale, amisiri."

Mmisiri akanatha kuikapo tebulo, kaya mphika wa maluwa, koma nzeru zotere zimabwera mvula itakata. Zoona zake n'zakuti anachita manyazi kuuza bwana wa nsapato zowala kuti iye ndi mwana wa woluka nsalu. Anazula matabwawo ndi manja ake, anakhomapo atsopano, n'kupaka vanishi. Akale aja anapita ndi lole ya zinyalala.

Tsiku lotsegulira, anthu asanayambe kubwera, amayi anafika atavala diresi lawo labwino. M'nyumbamo munkanunkhira chimera. Anakana mpando, anakana chakumwa, n'kumayenda akupapasa khoma mpaka pa zenera lakumapeto. Pamenepo anavula nsapato.

Phazi linayenda pang'onopang'ono, kutsogolo, kumbali, n'kubwereranso. Matabwa anali see, ngati mbale yotsuka.

"Kapena ndasokoneza zenera? Ukalamba n'ngoipa, mpaka kuiwala pomwe ankaima mwamuna wako!"

Mtima wa mmisiri unamuwawa kuposa tsiku la maliro. Akanakhala chete, amayi akanapita kwawo akudzida okha.

"Simunasokoneze, amayi. Ndi pompo."

Amayi anaima pomwepo, mapazi ali pamodzi, nkhope italoza ku zenera komwe kale ankaonekera akabweretsa chakudya chamasana. Kuseri kwa kauntala wina ankayesa nyimbo, matambula akulira.

Kenako anawerama n'kufufuza nsapato zawo. Mmisiri anagwada kuti awaveke, koma anamukankha dzanja mofatsa.

"Wasalaza bwino, mwanawe," anatero. "Bambo ako ankanena kuti uli ndi dzanja."