Kagalimoto ka Malemu Frackson

Anandikhazika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yanga, miyendo yotambasula, mutu wometa, nsalu yakuda mpaka m'mapewa. Anandiuza kuti kwawo kwa amuna anga mkazi wamasiye salankhula pa tsiku logawa katundu wa malemu. Ukakhala ndi mawu umanong'oneza m'bale wako, iye ndiye amaimirira n'kunena. M'bale wanga anali mlongo wanga wamng'ono Chisangalalo, amene anachokera kwathu ku Ntcheu, munthu woti nkhuku ikamuponda amapepesa ndi iyeyo.

Frackson Sichali, mwamuna wanga, ankakonza mawayilesi ndi mafoni pa Boma. Anagwa pabenchi yake masana dzuwa likuswa mtengo, kuchipatala anafika atapita kale. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Nyumba ya ku Lufita tinamanga awiri, iye ndi mawayilesi ake, ine ndi mandazi anga, ndipo njerwa zake ndinaponda dothi ndi mapazi awa. Koma mng'ono wake Cornelius anayamba kuyeza mawindo ndi maso maliro asanatuluke n'komwe. Ankafuna kuikamo anthu a lendi, ine ndibwerere ku Ntcheu ndi chikwama. Chimene ankasowa chinali chifukwa chondithamangitsira.

Abale anatsika kuchokera ku Misuku, aneba nawo anadzaza bwalo. Katundu anamuyala pamphasa: mathalauzi, jekete la ukwati, nsapato, Baibulo, bokosi la zipangizo, ndi kagalimoto kaja.

Musaganize za magalimoto a mawaya amene ana amakankha ndi bango. Aka kanali kotalika ngati mkono wanga kuyambira pachigongono, ka matayala anayi akuluakulu, koyendetsa ndi rimoti. Liwiro kanalibe. Ntchito yake inali kukwera miyala basi. Frackson anaona pafoni azibambo a ndevu akutsata tigalimoto totere m'mapiri a kwawo, matenda n'kumulowa. Bambo wa mwana wa kusekondale, dikoni mumpingo, Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankatsikira kumiyala ya mtsinje wa Lufita n'kumagwada ngati akupemphera, kusuzumira tayala limene lalendewera m'malere. Akabwera kunyumba ankakamasulanso. Kakagubuduka ankati kalemera pamwamba, batire litsike pansi. Kakaterereka ankati matayala asalala, awadule mizere ina ndi lezala. Iko sikanamalizike. Amene anamalizika ndi mwini wake.

Cornelius anakanyamula, n'kukatembenuza ngati sanakaonepo.

"Kasi ichi n'chiyani? Akulu anga ankasunga zidole?"

Ndinaona chala chake chikupita kunsi kumene kunali swichi. Anakaika pansi, mphuno yake italoza kumene ndinakhala ine, iye n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana.

Kagalimotoko kanali ndi vuto limodzi limene linamukanika Frackson. Ukakayatsa rimoti ili yozima, kankayamba kuyenda kokha, pang'onopang'ono, kulunjika kumene kaloza. Kanathamangitsapo nkhuku zanga mpaka m'khitchini. Tsikulo rimoti inali gone pamphasa, yozima, aliyense akuiona.

Kanayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kanakwera nsapato ya malemu, n'kutsika. Kanakwera Baibulo. Kanafika panjerwa imene inatsendereza mphasa, tayala limodzi m'mwamba, n'kuigonjetsa monga mmene mwini wake ankafunira masiku onse aja. Kumtsinje kankagubuduka, koma tsiku limeneli ayi. Kanadutsa muzu wa mapeyala, kanakwera phazi langa, kanayenda pamwendo, n'kudzaima pamimba panga matayala akupalasabe nsalu.

Azimayi amene anakhala pafupi nane anadzikhwekhwereza kutali. Monalisa, mkazi wa Cornelius, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Chiuta wane."

"Mwawona mose," anatero Cornelius, mawu ake ofatsa ngati a mbusa. Kenako anatembenukira ku Chichewa kuti ine ndi mlongo wanga timve bwino. "Rimoti iyo ili apo, palibe waigwira. Akulu anga anadzuka bwinobwino, masana n'kugwa ngati nthochi. Timafunsana kuti zatheka bwanji. Lero atilozera okha. Wakufa sanama. Munthu wotere sangagone m'nyumba ya m'bale wathu. Basi ya mawa anyamuke limodzi ndi mlongo wakeyu."

Ndakhala kuno zaka zambiri ndipo ndaona zimene dzina la mfiti limachita kwa mkazi wopanda mwamuna. Lero akulanda nyumba, mawa ana akukugenda pamjigo. Ndinamukoka Chisangalalo thalauza.

"Imirira, uwauze kuti kamayenda kokha rimoti ikakhala yozima. Uwauzenso kuti Cornelius wakaloza kwa ine dala."

Anaimirira, chipewa akuchifinya m'manja.

"Zikomo akuluakulu, yewo chomene. Ife ndife alendo. Achemwali akuti mwina kagalimotoka kali ndi kavuto pang'ono. Koma ife sitikutsutsa ayi, eni mudzi ndinu."

Anakhala pansi. Ndiye kundilankhulira kumeneko.

Ndinazimitsa kagalimoto, ndinadzuka, ndinapita pamphasa n'kutsegula bokosi la zipangizo. Ndinatenga sikuludiraiva ndi pulayazi. Ndinakhuthula madzi a m'beseni losambira m'manja n'kuliika pakati pa bwalo.

"Achemwali, mwambo," ananong'ona Chisangalalo.

"Usunge iweyo, ukawapatse amayi ku Ntcheu."

"Mulamu, khalani pansi," anatero Cornelius. "Mukudzichititsa manyazi."

"Manyazi ndinakwirira limodzi ndi akulu anu. Mukuti muli mzimu umu? Tiyeni tiusake tonse."

Ndinali ndisanakagwirepo ndi chitsulo, koma munthu amene wadyera patebulo lodzaza masikuluwu kwa zaka zonse zija amadziwa poyambira. Ndinamasula chapamwamba n'kuchikweza kuti onse aone.

"Iyi ndi thireyi yanga ya mandazi. Anaidula ine ndili kumaliro ku Chisenga, n'kuipaka penti yofiira. Tembenuzani muone maluwa ake, akadalipo."

Ndinaiponya m'beseni. Ndinazula masipuling'i.

"Awa anachoka m'maambulera anga. Dzinja lonse ndinanyowa ngati galu. Matayala awa ndi patapata zanga zatsopano zimene ndinavala Lamlungu limodzi. Anati mphira wake ndi wofewa, ugwira bwino mwala." Ndinang'amba tayala lakutsogolo, mabawuti n'kugwera m'beseni. "Awa anaikamo kuti kutsogolo kulemere, kasamagadabuke pokwera. Anamasula kubedi kwathu. Aneba anga a Mwenechanya, inu munkamva bedi likulira n'kumati a Sichali ndi amphamvu. Anali mabawuti."

Azibambo ena anaseka n'kudzigwira msanga. Ine sindinkaseka. Ndi ukali uja, pulayazi inanditsina chala mpaka magazi. Ndinkamutukwana Cornelius, koma mumtima ndinkamutukwananso Frackson: wandisiyira zotani iwe, mwamuna wamkulu kundisiyira chidole choti chindiphetse.

Ndinadula mawaya n'kutulutsa kabokosi kakuda konga ka machesi.

"Aka ndi kamene kamamva rimoti. Aka kokha sikanachoke m'nyumba mwanga. Ngati muli mzimu m'galimotoyi, ukugona umu. Alamu, uzani anthu amene anakabweretsa."

Cornelius anayang'ana kumbali.

"Simukukumbuka? Munakagula ku Tunduma pokaoda sopo, n'kubwera nako mukudzitama kuti mwapeza ka orijino. Pa Khirisimasi munapita nawo akulu anu kumtsinje, munakayatsa rimoti ili yozima, kanakuthawani n'kugwera padziwe. Munalowa m'madzi ndi nsapato. Ine ndinali pomwepo ndikuchapa. Lero mukufunsa kuti ichi n'chiyani?"

"Ndi tsiku lija munabwera thalauza lili chonyowa?" anafunsa Monalisa. "Munati munagwa pa njinga."

"Iwe khala chete."

Anthu anang'ung'udza. Koma Cornelius si munthu wogwa ndi chibakera chimodzi. Anatambasula manja kwa akuluakulu.

"Mwamva pakamwa pake. Mkazi wolira mwamuna amalankhula chonchi? Thireyi, patapata, zonsezo n'zoona, koma bwalo lonseli kanasiya anthu onse n'kupita kwa iye yekha."

Ndinaona mitu ina ikugwedezeka kuvomera. Madala ena awiri a ku Misuku ankanong'onezana akundiyang'ana m'mbali. Ndinadziwa kuti kuseka kuja sikunandigulire kanthu. Ndinangopitiriza kumasula, chifukwa ndikanaima ndikanamulasa munthu ndi sikuludiraiva. Kunsi kunali tindodo tinayi tachitsulo choyera timene tinkagwira matayala kuti azivinira pamwala uku ndi uku. Ndinatizula n'kutiponya m'beseni.

"Bwera nazo kuno izo."

Anali apongozi anga aakazi, a Nakayange. Chiikireni mwana wawo m'manda anali asanandilankhulepo. Sitinkakondana. Iwo ankafuna mkamwana wa kwawo, ine ndinkadziwa, ndipo sindinkabisa kuti ndikudziwa. Ndinagwada n'kuwapatsa. Anatiyandikitsa kumaso, n'kupala kamodzi ndi chikhadabo.

"Singano zanga zolukira majuzi," anatero. "Za nambala eyiti. Wazidula mitu."

"Mama, ndinkakuuzani ine," anatero Monalisa.

"Ndinamutukwana mwana uyu kuti ndi wakuba," anatero apongozi akuloza Monalisa, akuuza bwalo lonse. "Chaka chathunthu sindinadye za m'manja mwake. Kani wakuba anali Frackson. Anabwera kudzandiona ndi shuga, n'kuchoka ndi singano." Anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kusanduka kwina. Anapukuta maso ndi nsonga ya duku. "Anali choncho kuyambira ali wamng'ono. Wotchi ya bambo ake anaimasula kuti aone chimene chimalira m'kati."

Iwo anakhala kanthawi akutembenuza tizitsulo tija, kenako anadzutsa mutu.

"Cornelius, ngati ichi n'chithumwa, singano zanga zilimo, kabokosi kako kalimo. Tikwere tonse atatu basi ya mawayo?"

"Mama, simukumvetsa."

"Ndakubala ndine, ndikukumvetsa bwino. Mkazi uyu pakamwa pake m'poipa, ndinanena kalekale. Koma m'nyumba ya mwana wanga mukhala iyeyu ndi mdzukulu wanga. Gawani mathalauziwo, ine ndikufuna kubwerera, khofi wanga akuyoyokera pansi."

Anagawadi. Cornelius anatenga jekete ndi bokosi la zipangizo, n'kulanda ndi sikuludiraiva imene inali m'manja mwanga. Analiza njinga yake yamoto osatsanzika, Monalisa akuthamangira kukwera kumbuyo. Apongozi anakulunga singano zawo m'kansalu n'kuika m'chikwama, ngakhale zinali zoduka, zopindika, zosalukanso kanthu. Sindinawapemphe. Mwana anali wawo.

M'mawa mwake ndinamuperekeza Chisangalalo kudepoti, yekha.

"Achemwali, zitsulo zija mukataye m'chimbudzi, zingakubweretsereninso mavuto."

"Kwera basi."

M'nyumba ndikugonamo. Si onse anakhulupirira. Alipo azimayi awiri amene anasiya kugula mandazi anga, ndipo wina amakoka mwana wake ndikamadutsa. Amenewo adye miyala. Beseni lija lili pansi pa tebulo ndi zonse zili momwemo, ndipo ndikaligunda ndi phazi ndimamutukwana mwini wake mokweza, aneba amve. Sabata yatha ndinazungulira msika wonse wa pa Boma kufunsa singano zachitsulo za nambala eyiti. Konse ali ndi zapulasitiki zokhazokha. Ndamutuma mayi wina wa kaunjika amene amapita ku Mbeya, ndipo ndamuuza kuti akabwera ndi zapulasitiki asafike n'komwe pakhomo panga.