Bere la Apongozi

Valentim anali ndi pakamwa. M'mudzi wa waya wa kufupi ndi Itepela, umene Apwitikizi anaunjikamo anthu kuti asamadyetse ankhondo a kutchire, munalibe mwamuna amene sanalawepo lilime lake. Iye ndiye anali enfermero, kapena kuti namwino, yekhayo pa kachipatala ka malata kamene anthu ankangokatcha posto. Mwamuna akakaniza mkazi wake kupimidwa, Valentim ankamulondola mpaka pakhomo pake, malaya oyera ali pathupi.

"Manyazi anuwa adzakuphetsani akazi," ankatero mokweza kuti a nyumba zoyandikana amve. "Dzanja langali silikufuna mkazi wanu. Likufuna matenda."

Matenda amene ankasakawo anali khansa ya m'bere. Dotolo wa asilikali, mzungu wadazi ngakhale anali wamng'ono, ankabwera ndi koluna, mdipiti wa magalimoto a nkhondo wochokera ku Cuamba. Iyeyu anali atatopa ndi amayi ofika kwa iye bere litaphulika kale. Tsono anamuphunzitsa Valentim kuti mayi aliyense wobwera ku posto, kaya wabwerera chifuwa kaya mutu, azimugwira mabere ndi m'khwapa ndi nsonga za zala. Akapeza kanthu kolimba kosapweteka, asadikire, amukweze koluna. Koma malo m'magalimoto anali ochepa, choncho dotoloyo anaika lamulo limodzi: wokwera akhale amene Valentim wamugwira ndi dzanja lake, osati za m'maluwa.

Ndipo zinathandizadi. Zuhura, wogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba, anapita ku Cuamba ndi mabere awiri nabwerako ndi limodzi, ali wamoyo, akukangana ndi ogula monga kale. Kuyambira pamenepo Valentim ankayenda ngati mudziwo anaumanga ndi iye.

Koma panali mayi mmodzi amene dzanja lotchukalo silinamukhudzepo, chikhalirecho ankagona kuseri kwa nyumba ya Valentim yemweyo. Anali mayi Margarita, apongozi ake, amake a mkazi wake Deolinda.

Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Kumudzi wakale zinali zosavuta, tchire linalipo lopatukirako. M'mudzi wa waya nyumba zinali m'mizere, zothinana, ndiye awiriwa anapeza nzeru zawo. Mayi Margarita akamatuluka ankatsokomola. Valentim akamabwera ankaimba mluzu. Akafuna kuuzana kanthu, mawu ankadzera mwa Deolinda, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi.

Mwambowu unali ndi khomo lake lotulukira. Mwana akabadwa, mkamwini amapereka nkhuku kwa apongozi pamaso pa anthu, ndipo kuchokera apo akhoza kulankhulana maso ndi maso. Mwana anabadwa, Inês, mpaka anayamba kuthamanga. Nkhuku sinabwere. Poyamba Valentim ankati asilikali atha nkhuku zonse. Nkhuku zitaswananso ankati mawa. Zoona zake nzakuti ankawaopa mayiwo, pakuti ankawamva akudzudzula Deolinda kuseri ndipo anadziwa kuti pakamwa pake pakhoza kupeza mnzake.

Tsiku lina m'chilimwe Deolinda anamupeza ku posto akuwiritsa singano za jekeseni.

"Bambo a Inês, amayi ali ndi kanthu m'bere."

Valentim sanatembenuke. "Kakuwapweteka?"

"Akuti ayi."

Valentim anasiya singano zija. Kosapwetekako ndiko ankakasaka mwa akazi a eni ake tsiku ndi tsiku.

"Nkakakulu bwanji?"

"Ngati nzama."

"Ukakakankha kamasuntha?"

"Ine ndidziwa bwanji? Enfermero ndinu. Tiyeni mukaone."

"Iwe, ukumva chimene ukunena? Ine ndikagwire bere limene unayamwa iwe?"

Valentim anatsegula kabati, natenga mafuta opaka pa chithupsa ndi timapiritsi, nati amayi ayambe ndi zimenezi, dotolo akabwera adzawaona yekha. Zinamveka ngati nzeru, ndipo iye mwini anatsala pang'ono kuzikhulupirira.

Koluna inabweradi, koma inabwera italumala. Galimoto yakutsogolo inali itaponda bomba lokwirira, ndipo dotolo anatsika mikono ya malaya ili magazi okhaokha. Za kuzungulira m'nyumba za anthu panalibe. Anaima pakhomo la posto akusamba m'manja, asilikali akusuta fodya pambali pake.

"Uli ndi wokwera?" anafunsa m'Chipwitikizi.

"Pali mayi wina, senyor dotolo. Akuti ali ndi kanthu."

"Akuti? Akutero ndani? Wakagwira iwe?"

Apa Valentim anayang'ana asilikali aja. Anadziona akufotokoza kuti iye, munthu wa malaya oyera, wodziwa kuwerenga ndi kubaya jekeseni, sangayang'ane amake a mkazi wake. Anamva kale kuseka kwawo, kuseka kokafika nako ku Cuamba. Akanangonama kuti inde, koma dotolo akanafunsa mbali yake, kulimba kwake, za m'khwapa, ndipo bodzalo likanagwa pomwepo.

"Mwina ndi chithupsa chabe," anatero. "Ndimuonanso bwino."

"Umuone. Ngati ndi chinthu, akwere ulendo wotsatira."

Ulendo wotsatirawo sunabwere msanga. Mvula inagwa, ankhondo a kutchire anagwetsa mlatho, mseu unadzaza mabomba. Njira ya ku chipatala cha asisitere ku Massangulo inatsekedwanso, ndipo wodumpha waya kuti alowe m'Malawi ankawomberedwa.

Apa ndiye pamene Valentim amakwiyitsa munthu. Dzinja lonse nkhuku zinkamudutsa m'miyendo, iye osagula ngakhale imodzi. Ankadziuza kuti kudziwa kulibe phindu koluna kulibe. Anasiya kumufunsa Deolinda, Deolinda nayenso anasiya kumuuza. Koma makutu alibe chitseko. Anamva kuti musi wa kuseri wayamba kugunda mofooka, ngati munthu akusinja ndi dzanja limodzi, kenako unaleka. Kutsokomola kwa pakhomo kunachepa chifukwa mayiwo sankatulukanso kawirikawiri. Pomaliza linabwera fungo, ndipo fungo limenelo ankalidziwa bwino.

Ku posto ankagwirabe akazi a anthu, koma kulalata kunamuthera. Tsiku lina Zuhura anamubweretsera nsomba, naima osachoka.

"Dotolo wathu," anatero chapansipansi, "ine munandikoka ngati mbuzi. Nanga kwanu?"

Nsombazo Valentim anazipereka kwa wodwala wina, pakuti sizikanamutsika pakhosi.

Mvula itakata, koluna inafika ndi sajeni, dotolo atatsala ku Cuamba. Palibe anafunsa ngati mayiyu wagwiridwa, fungo linayankha lokha. Deolinda anali ndi pakati potopa, sakanatha ulendowo, choncho woperekeza anali Valentim. Anakhala pa matumba a ufa atafulatirana, mkamwini kuyang'ana kumene akuchoka, apongozi kumene akupita. Magalimoto ankakwawa pambuyo pa asilikali obaya mseu ndi ndodo zachitsulo kusaka mabomba. Galimoto ikadumpha pa dzenje, Valentim ankamva kubuula kwa mayiwo pamsana pake.

Ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankakutcha Nova Freixo, anapeza dotolo yemwe uja. Womasulira panalibe, ndiye dotolo anakodola Valentim kuti alowe. Valentim analowa naima atayang'ana khoma. Dotolo anaganiza kuti ndi ulemu wamba, sanafunse. Kumbuyo kunamveka nsalu ikumatulidwa pa chilonda, kenako dotolo analankhula.

"Afunse chinayamba liti."

Valentim anafunsa khoma. "Amayi, akuti chinayamba liti?"

Aka kanali koyamba kuwalankhula mayiwo popanda Deolinda pakati.

"Mvula yapitayi isanagwe," anayankha mayi Margarita.

Dotolo atamva anamenya tebulo. "Mvula isanagwe! Ali ndi enfermero m'mudzi mwawo momwemo, wabwino kuposa onse amene ndili nawo. Afunse chifukwa chake sanakuonetse."

Funso linali litafunsidwa, ndipo Valentim analimasulira lonse, osachotsapo kanthu. Anadikira. Anali wokonzeka, mwinanso ankalakalaka, kuti pakamwa paja ankapaopa pamuphulikire tsopano.

"Muwauze kuti ndinkabisa ndine," anatero mayi Margarita, mawu ali phee. "Enfermero sankadziwa. Ndine nkhalamba yamanyazi."

Valentim anaima chilili. Panalibe wina m'chipindamo womva zinenero zonse ziwiri. Akanatha kunena zoona m'Chipwitikizi, mayiwo osadziwa. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chomwecho chimene mayiwo ananena: ankabisa, enfermero sankadziwa. Anazinena bwino, m'Chipwitikizi chosalala.

"Nthawi zonse ndi zomwezi," anatero dotolo motopa. "Uwauze kuti akanabwera kali kakang'ono ndikanadula, bwenzi ali ngati mayi wa nsomba uja. Tsopano chalowa m'khwapa ndi m'chifuwa, mpeni ulibe ntchito. Uwauze kuti manyazi awo ndiwo awapha."

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi Margarita.

"Akuti mubwerere kunyumba, amayi. Akupatsani mankhwala ochepetsa ululu."

"Wanena zambiri mzunguyu kuposa zimenezo. Koma zisiyeni."

Potuluka dotolo anamugwira Valentim paphewa namuuza kuti asadziimbe mlandu, sangapeze chimene munthu akubisa. Dzanja limenelo linamulemera njira yonse yobwerera.

Kunyumba chilonda chinkafuna kutsukidwa m'mawa uliwonse. Deolinda anayesa, koma ndi pakati pake fungo linkamugwetsa, ankathamangira kunja kukasanza akulira. Valentim ankaima pabwalo ndi beseni ndi thonje, akulangiza kudzera pa khoma la udzu kuti ayambire m'mphepete, asakhule. Ankadana ndi mawu ake omwe.

M'mawa wina Deolinda anatuluka m'nyumba ya amake maso ali ofiira.

"Akukuitanani."

"Ndikumva, anene."

"Akuti mulowe."

Analowa chafutambuyo, nagwada pafupi ndi khomo atayang'ana kunja. Kenako china chake chofunda chinamugunda pa mwendo. Inali nkhuku yathadzi, yomangidwa miyendo ndi luzi.

"Nkhuku imeneyo inayenera kuchokera kwa inu, bambo a Inês," anatero mayi Margarita. "Ndadikira mpaka ndatopa, ndiye ndasinthitsa ndi mpango wanga wa kutchalitchi. Mboni ndi mkazi wanuyu, akulu ena sindiwadikira. Tembenukani."

Valentim anatembenuka. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ndi mayi wamkulu thupi, potengera mawu. Pa mphasa panali kamayi kochepa, kotha thupi, kokhala ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ngati wa Inês.

"Amayi, ku Cuamba kuja ine..."

"Ku Cuamba ndinalankhula ndine, inu munangonyamula mawu. Mukanachotsedwa ntchito, akazi a m'mudzi muno akanawagwira ndani? Musandilirire pano, ndilibe mphamvu zotonthoza mwamuna. Tengani beseni lanulo."

Anamasula okha nsalu. Valentim anaona zonse zimene anazithawa, ndipo zinali zoipa kuposa za mayi aliyense amene anamukwezapo koluna. Anatsuka kuyambira m'mphepete, pang'onopang'ono, naika thonje latsopano, namanga. Mayiwo sanabuule, ankangomuyang'ana kumaso ngati akubweza zaka zonse zimene sanamuone.

Atatha anafuna kudzuka, koma mayi Margarita anamugwira pamkono. Anakoka dzanja lake naliika pa bere linalo, limene linkaoneka labwinobwino, nakanikiza zala zake cha kumtunda, kufupi ndi khwapa.

"Apa patuluka kena. Kajanso kanayamba chonchi. Gwirani bwinobwino, si inu mumati dzanja lanu limafuna matenda?"

Valentim anagwira.

"Mwakapeza?"

"Ndakapeza, amayi."

"Mwafa?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ine ndimayesa mkamwini akagwira amafa," anatero mayiwo, natseka maso. "Deolinda, kapheni nkhukuyo, adye nane bambowa."

Deolinda anatola nkhuku natuluka. Valentim anatsala chigwadire, zala zili pomwepo, misozi ikugwera pa malaya ake oyera. Kanthuko kanali kolimba, kosasuntha, kakang'ono ngati nzama monga ananenera Deolinda chilimwe chija, ndipo kukapeza sikunamutengere ngakhale nthawi yowiritsira singano imodzi.