Kagalasi ka Alamu

Vuto la wojambula zithunziyo linali mtunda. Mkazi wake ankamaliza maphunziro a unamwino, ndipo pa mwambo wolandira masatifiketi ojambula onse ankawaimika kumbuyo kwa holo, kuseri kwa chingwe. Lenzi yake sinkafika kutali choncho. Mkaziyo anali atapempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha dzanja lake likulandira pepalalo.

Anapita kukafunsa nzeru kwa mayi amene anamuphunzitsa kujambula.

"Njira zilipo ziwiri," anatero aphunzitsiwo. "Pali telekonivata, kagalasi kamene umamanga pakati pa kamera ndi lenzi. Kamakokera zinthu pafupi, koma kamadya kuwala. Panja dzuwa likuswa mtengo kamathandiza. M'holo ya mababu ofooka ija, ayi. Udzatenge lenzi yanga yaitali, udzabweza mawa lake."

Asanakaitenge, kunyumba kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, wogulitsa katundu wakale. Atamva za lenzi yaitaliyo, mlamuyo anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa telekonivata yopanda chivindikiro, itamatirira zinyenyeswa za m'thumbamo.

"Alamu, mukasenze chimpope chija ngati mukukazimitsa moto? Kanthu ndi aka. Ndakupatsani ulere."

Wojambulayo anakaunika pawindo. Mkati munali mutayanga chuku ngati ulusi wa kangaude. Mlamuyo anakalanda, n'kulavulirapo, n'kupukuta ndi m'munsi mwa malaya ake onunkha thukuta. Koma ukana bwanji mphatso ya mlamu, mlongo wake, mkazi wakoyo, ali pomwepo akumwetulira? Wojambulayo anathokoza, ndipo kwa aphunzitsi kuja sanabwerereko.

Tsiku la mwambo, kamera inkangosakasaka nkhope osaipeza. Dzina la mkazi wake litaitanidwa, anadina, anadinanso. Anthu anaomba m'manja, mwambo n'kupitirira.

Kunyumba atatsegula zithunzizo pa kompyuta, chinali chifunga chokhachokha. Yunifolomu yoyera inkaoneka ngati mzukwa, nkhope yosadziwika mwini wake.

"Kamera yanuyi yakalamba, alamu," anatero mlamuyo akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Wojambulayo anayang'ana kumbali. Sanadziwe amene ankamunyansa kwambiri, mlamuyo kapena iye mwini.

Mlendoyo atapita, mkaziyo anafunsa, maso ali pa kompyuta:

"Aphunzitsi anu sanakuuzeni zimenezi?"

"Anandiuza."

"Ndiye munaopa chiyani?"

"Kuwachititsa manyazi achimwene anu."

Mkaziyo anapukusa mutu. "Achimwene omwewa ndi amene anandipatsa ayironi ija inawotcha yunifolomu yanga yoyamba. Mukanandifunsa ine, bambo. Manyazi awo akanatha tsiku lomwelo. Nanga satifiketi ndidzailandiranso liti?"

Phunziro: Chida chimasankhidwa poona ntchito ndi malo ake, osati poona nkhope ya wokupatsa. Ulemu kwa abale ndi wabwino, koma usakutsekeni pakamwa pamene maso anu aona kale chuku.