Foni Yosabweza Moni

1.
Tadzuka bwino, odwala akuyesera. Kaya inu kumeneko?

Tswii.

Yathera pomwepo.

2.
Chiletso anavula mahedifoni n'kuwaponya patebulo. Pulogalamu ya pafoniyo anaipanga yekha, ndipo ntchito yake inali imodzi yokha: munthu wodwazika matenda kunyumba, uja amasamalira wofa ziwalo kapena nkhalamba yosadzuka, adine batani n'kufotokoza mmene moyo wake ukuyendera. Bungwe limene ankagwirako ntchito ku Lilongwe linagawa mafoni m'midzi ya ku Bilira, ku Ntcheu. Pangano linali lakuti nkhanizo zikasonyeza kuti odwazika atopa, bungwe lidzatumiza anthu okawalandira, nawonso apumeko, aone kumunda, apondeko kutchalitchi.

Koma malinga ndi foni, odwazika onse a ku Bilira ankadzuka bwino. Tsiku ndi tsiku. Thanzi lake lochititsa nsanje.

3.
Zimene anali atayesa kale:

batani lalikulu
batani lobiriwira, poti lofiira akuti limaopsa
chithunzi cha mayi akumwetulira
chithunzi cha mayi wosamwetulira
kumuchotseratu mayiyo
funso la Chichewa cha m'buku
funso la Chichewa cha pamsika
kutukwana laputopu

4.
A Mayi Likongwe, abwana ake, sankakweza mawu, n'chifukwa chake ankaopsa. Anaima pakhomo la ofesi atanyamula kapu ya tiyi.

A Chiletso, Lachisanu ndikukapereka lipoti. Ndikanene kuti chiyani?

Ndipatseniko sabata ina, madamu.

Zija ndinakupatsani zinapita kuti? Ine ndilemba zimene anthu anena. Anena kuti ali bwino. Munthu ali bwino sitimutumizira womulandira.

Sali bwino, madamu.

Ndiye anene okha. Ine kulota sinditha.

Chomwe chinamuwawa Chiletso n'chakuti mayiwo sankanama.

5.
Mawu a bambo wachikulire, kumbuyo nkhuku ikutetera. Kuno kwacha bwino, amayiwa agonako. Kaya inu?

Tswii.

Mawu a mayi wopuma wefuwefu ngati wangotula ndowa. Tilipo, mwanayu wadyako phala. Kaya anzathu kumeneko?

Tswii.

Mawu otsatirawo analibe dzina, monga onse, pakuti pulogalamu sinkasunga mayina. Koma mawu a munthu amene unkalimbirana naye mkute muli ana sungawasokoneze.

Tadzuka bwino, odwala akuyesera. Kaya inu kumeneko?

6.
Egrita, mlongo wake wamng'ono. Chiwagwetsereni bambo awo sitiroko, ndiye ankawatembenuza, kuwadyetsa, kuwachapira. Amayi anamwalira kale. Pamene bungwe linkasankha dera loyesera mafoni, Chiletso analimbikira Bilira, ndipo mumtima ankadziyamikira kuti mlongo wake wamuganizira mwanzeru, mopanda wina kudziwa.

Lamlungu lililonse ankaimba. Bambo ali bwanji? Akuyesera. Mankhwala alipo? Alipo. Chabwino, ndiimbanso.

Lolemba limeneli anaimba atakwiya.

Iwe Egrita, ngakhale iwe? Ukadina batani lija uzinena mavuto ako, osati moni.

Ndimafuna kunenatu, achimwene. Chinthu chanucho chimandithawa ndisanayambe n'komwe.

Ndi netiweki imeneyo. Uzikwera pachulu.

Anadula foni. Anali ndi misonkhano.

7.
Tswii uja sanali netiweki. Anamuikamo ndi Chiletso yemweyo, ndipo pa zonse zimene anapanga, ankanyadira kwambiri iyeyo. Munthu akangokhala chete pang'ono, pulogalamu inkati wamaliza, n'kudula, n'kutumiza. Bandulo ya intaneti isathere pojambula mphepo ndi mbuzi. Tsiku lomwe anaonetsa zimenezi kumsonkhano, anthu ovala masuti anawomba m'manja, wina mpaka anapempha kuti aonetsenso.

Chifundo chinalipo ndithu. Sitingamunamizire.

8.
Lachitatu masana, kunja kukuwotcha, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo. Chiletso anatsegula mawu onse kuti azingolira motsatizana, iye n'kugoneka mutu patebulo. Sankamvetseranso. Ankangodzilanga.

Kaya inu? Tswii. Kaya inu? Tswii. Kaya inu kumeneko?

Ndili bwino, zikomo.

Anadzutsa mutu. Muofesi munalibe wina. Pakamwa pake ndi pamene panayankha, pokha, posamufunsa mwini wake.

9.
Ndiye kuti anthu aja sanali ouma mitu, sanali amanyazi, sanali oopa batani lofiira kapena lobiriwira, ankangochita zimene munthu woleredwa amachita, zimene iye mwini anakula akuziona pakhonde la kwawo, kuti mlendo akakhala pansi simuyamba ndi kumukhuthulira mavuto, mumayamba ndi kuti tadzuka bwino, kenako mumufunsa iye, kenako mudikira, iye anene za kumene wachokera, za mvula, za ana, za mwendo wake, ndipo akamaliza mpamene inu mumakoka mpweya n'kunena kuti komatu kunoko, ndipo nkhani yeniyeni imayambira pa koma ameneyo, malonje amayenda choncho, ndiye anthu a ku Bilira ankafunsa foni, n'kuidikira mwaulemu kuti iyankhe, foni n'kuwatsekera chitseko pamphuno

Mwana wa ku Bilira. Wa ku Bilira weniweni!

Anamenya tebulo mpaka dzanja linachita dzanzi.

10.
Kuchotsa tswii sikunavute. Chovuta chinali chakuti foni iyankhe, ndipo foni ilibe kwawo, ilibe mvula, ilibe mwendo. Pankafunika munthu.

Anakadzitsekera m'chipinda chosungira makatoni n'kuyamba kujambula mawu ake. Ulendo woyamba anamveka ngati wolengeza za maliro pawailesi. Anafufuta. Wachiwiri ngati wogulitsa feteleza. Anafufuta. Kenako anakhala pakatoni, thukuta lili kamukamu, n'kulankhula monga zinalili.

Zikomo. Kuno ku Lilongwe tadzuka bwino, kungoti kwatentha ndipo ntchito ikundikanika. Inenso bambo anga ali gone kumudzi, akuwasamalira ndi mlongo wanga. Za odwala ndamva. Nanga inuyo, eni akenu? Musafulumire, ndikudikira.

Madzulo omwewo anatumiza pulogalamu yatsopanoyo kumafoni onse.

11.
Lachinayi.

Komatu kunoko, bambo inu, ine tulo ndinaiwala kuti n'chiyani.

Komatu kunoko, abale ake amabwera kudzaona, akaona amapita.

Komatu kunoko, ndikapita kumjigo ndimamumangirira ndi chitenje kumwendo wa bedi, Mulungu andikhululukire.

Bambo wa nkhuku uja analankhula mpaka batire linatha. A Mayi Likongwe anamvetsera ataimirira pakhomo pomwe paja, tiyi n'kuzizira m'manja.

Izi ndiye ndikanena, anatero. Tumizani zonse.

Chiletso anaseka yekha. Anthu okalandira adzapita ku Bilira. Egrita adzapuma. Anatsamira mpando, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchitoyi, ndipo anaona kuti kwatsala mawu amodzi osatsegula.

12.
Poyamba phee. Kutali, chitseko cha malata chikulira. Pulogalamu yakale ikanadula pomwepo.

Achimwene, ndi mawu anu amenewo, ndawadziwa. Ndatuluka, ndili kuseri kwa khola, bambo asamve.

Pheenso.

Mwati mukudikira, ndiye ndinene. Ija ndinkati kaya inu sindinkafunsa foni ayi, ndinkadziwa kuti chinthuchi n'chanu, ndimati mwina tsiku lina mudzayankha. Za kutopa musalembe, ndatopa inde, koma kutopa ndinazolowera. Anthu anu okalandirawo abwere, azidzakhala nawo ine ndikapita kumunda, zikomo. Koma kubafa sadzalowa nawo, bambo anakana kale, akuti mlendo asawaone. A Nganga, bambo a pamudzi pano aja ankawasambitsa, anasamukira ku Balaka isanagwe mvula, sindinakuuzeni chifukwa mukaimba mumakhala muli panjira. Chichokereni iwo ndimawasambitsa ndine.

Ine, mwana wawo wamkazi.

Inu mukudziwa kuti zimenezo kwathu kuno sizichitika. Ndimadikira anthu apite kumunda kuti asaone ndikulowetsa madzi. Bambo salankhula bwino, koma ndikamawavula amayesa kugwira buluku ndi dzanja lamoyo lija, ndipo amatchula dzina lanu, limatuluka bwinobwino. Kenako amatsinzina. Inenso ndimatsinzina, ndimangopapasa. Dzana ndinawathira sopo m'maso osaona, analira, sindikudziwa ngati anali sopoyo.

Izi musakaonetse abwana anu, achimwene. Izi ndi zanu. Mubwere mudzasambitse bambo anu.