Wachedwa

Ellina ndi amuna ake, a Gladson, ankagwira ntchito panyumba imodzi ku Somerset West ku Joni, iye m'nyumba, bambowo m'galadeni. Lolemba lina Ellina anafika yekha, maso atatupa.

"Gladson ali kuti?" anafunsa adona m'Chingerezi.

"He is late," anayankha Ellina chapansipansi. Kwawo ku Ntcheu munthu akamwalira amanena choncho m'Chingerezi.

Koma adonawo anamva kuti wachedwa. Anayang'ana kapinga yemwe anali atakula, n'kuusa moyo. "Akafika ayambe kutchetcha kumbuyoku," anatero, n'kuliza galimoto kupita kuntchito.

Liwu lakuti "dead" Ellina ankalidziwa, koma linamulemera pakamwa. Anakolopa, anasita, ndipo madzulo anakatenga jombo za malemuwo mu shedi n'kukakwera nazo sitima.